Mthenga wa Panjinga ndi Wailesi: Za Tiziwalo ta Pamwamba pa Impso ndi Mitsempha ya Mantha

Amayi ndi abambo, anamwino ndi madokotala amene mwaba nthawi kuntchito kuti mudzakhale nafe, ndi inu ophunzira amene mwathawira kumipando ya kumbuyoko poyesa kuti sindikuonani, takulandirani nonse.

Ndiyambe n'kuulula. Pamene amanditchula dzina kuti ndibwere kutsogolo kuno, mtima wanga unayamba kugunda ngati mtondo wosinja anthu awiri. M'kamwa munauma gwa, m'manja munachita chinyezi, ndipo njala imene ndinali nayo masana inangozimirira. Ndaphunzitsa zaka zambiri, koma thupi silifunsa kuti wagwira ntchito zaka zingati. Likaona maso ambiri chonchi limachita zomwe likanachita ndikanaponda mphiri m'munda. Chichewa chathu chili ndi mawu okwanira a zimenezi: mtima kuti myuu, thupi kuchita tsemwe, tsitsi kuti nyaunyau, m'mimba kubwadamuka, miyendo kuzizira. Agogo athu anaziona zonsezi kalekale. Chimene ndabwera nacho ine n'choti tione amene amayendetsa zimenezi m'katimo, ndipo makamaka mmene awiri mwa iwo amamverana.

Poyamba tikonze mawu, chifukwa pali msampha. Ife timati mtsempha tikamanena njira ya magazi, timatinso mtsempha tikamanena ulusi woyera umene umanyamula uthenga kuchokera ku ubongo, ngakhalenso ulusi wolimba wa m'nyama ya ng'ombe umene umakana kutafunika. Lero ndikati mitsempha ya uthenga ndikunena ulusi wa ubongowo, ndipo ndikafuna ya magazi ndidzanena kuti ya magazi. Pakati pa mitsempha ya uthenga pali ina imene sitiilamula. Dzanja ndimalikweza ndikafuna, koma palibe pano amene angauze matumbo ake kuti dikirani kaye ndili pamsonkhano. Mitsempha yodzilamula yokhayi ili m'magulu awiri. Gulu lina ndi la nthawi ya mtendere, la munthu wakhuta nsima ali gone pamkeka. Gulu linalo, limene mabuku amalitcha sympathetic, ndi la nthawi ya zoopsa ndi ya ntchito yolemetsa. Ine ndizilitcha mitsempha ya mantha, ngakhale kuti limagwiranso ntchito munthu akungodzuka pampando, kuti magazi asatsikire onse kumiyendo iye n'kuchita chizungulire.

Mitsempha ya manthayi imatuluka mu fupa la msana, kuyambira pamene khosi lathera mpaka m'chiuno cham'mwamba. Uthenga wake umayenda mopatsirana. Mtsempha woyamba umachoka m'msana n'kukafika pa timfundo tondandalikana m'mbali mwa msana ngati mikanda, ndipo pamenepo umapereka mawu kwa mtsempha wachiwiri. Wachiwiriyu ndiye amapita mpaka pakhomo: ku mtima, ku mitsempha ya magazi, ku matumbo, ku diso. Akafika amalavula kadontho ka mankhwala otchedwa noradrenaline, ndipo chiwalocho chimamva. Zimachitika m'kuphethira kwa diso, ndipo zimatha msanga chifukwa mtsemphawo umayamwanso kadonthoko.

Tsopano tiyeni pamwamba pa impso. Amene munasendapo mbuzi mwina munataya tiziwaloti limodzi ndi mafuta osadziwa. Pa impso iliyonse pakhala kachiwalo kachikasu konga kachisoti, kolemera magalamu anayi kapena asanu basi mwa munthu wamkulu. Dzina lake ndi adrenal, mawu a Chilatini ongotanthauza kuti pafupi ndi impso. Bartolomeo Eustachi wa ku Italy anakafotokoza m'zaka za m'ma 1560, koma panapita zaka pafupifupi 300 anthu asakudziwa ntchito yake. Mukakadula pakati mupeza kuti ndi ziwalo ziwiri zovalana, ngati mtedza ndi khoko lake. Khoko lakunja limapanga cortisol, aldosterone ndi mahomoni ena ochepa a chimuna. Phata lam'kati limapanga adrenaline.

Phata limeneli lili ndi mbiri yodabwitsa. Mwana akamaumbika m'mimba, maselo amene adzakhale mitsempha ya mantha amanyamuka pafupi ndi msana n'kubalalika. Ena mwa iwo amakalowa m'kati mwa khoko la adrenal n'kukhazikika kumeneko ngati mkamwini. Abale awo amamera ulusi wautali wokafika ku mtima ndi ku matumbo, koma awa samera ulusi. Mtsempha woyamba wochokera m'msana umawapezabe n'kuwapatsa mawu monga umachitira ndi abale awo, koma poti alibe njira yopitira pakhomo la wina aliyense, amangothira mankhwala awo m'magazi. Pa magawo khumi a zimene amathira, pafupifupi asanu ndi atatu ndi adrenaline, awiri otsalawo ndi noradrenaline.

Kumudzi kukagwa zovuta, uthenga umayenda njira ziwiri. Amatuma mnyamata panjinga kuti akauze malume ndi azakhali, khomo ndi khomo. Amatumizanso uthenga ku wailesi kuti aliyense amene watsegula amve, ngakhale amene mnyamata uja sadziwa kumene amakhala. Mtsempha wa mantha ndi mnyamata wa panjinga. Adrenaline wa m'magazi ndi wailesi. Mnyamata amafika msanga ndipo amadziwa khomo, koma wailesi imafika kutali ndipo mawu ake amakhalitsa. Gwirani fanizo limeneli, tibwereranso.

Kuti anthu adziwe zimenezi panapita nthawi. Mu 1893 dokotala wa ku Harrogate ku England, George Oliver, anatengera madzi ofinyidwa kuchokera ku adrenal kwa Edward Schäfer wa ku University College London. Atabaya galu madziwo, kuthamanga kwa magazi kunakwera modzidzimutsa. Mu 1901 Jokichi Takamine, katswiri wa ku Japan amene ankagwira ntchito ku New York, analengeza kuti wapatula mankhwala enieniwo, ndipo kampani ya Parke-Davis inayamba kuwagulitsa ndi dzina lakuti Adrenalin. Ku America mabuku ambiri amati epinephrine, dzina limene anapereka John Jacob Abel. Ophunzira musasokonezeke pa mayeso, ndi chinthu chimodzi. Kenako mu 1904 mnyamata wina wophunzira ku Cambridge, Thomas Renton Elliott, anaona kuti zimene adrenaline amachita pa chiwalo n'zofanana ndi zimene zimachitika ukatekenya mtsempha wa mantha wopita ku chiwalocho. Iye anaganiza kuti mwina mtsemphawo umayankhula potulutsa mankhwala omwewa. Anaphonya pang'ono chabe. Mu 1946 Ulf von Euler wa ku Stockholm anasonyeza kuti mtsempha umatulutsa noradrenaline, m'bale wake wa adrenaline amene amasiyana naye kachidutswa kamodzi kokha.

Nkhani imene ndimaikonda ndi ya Walter Cannon wa ku Harvard. Cha m'ma 1911 iye ndi mnzake Daniel de la Paz ankaika mphaka pamalo osatha kuthawa, n'kubweretsa galu kuti aziuwa pamaso pake. Ankatenga magazi a mphakayo pafupi ndi pamene magazi ochokera ku adrenal amatulukira, n'kuwadontheza pa kachidutswa ka thumbo kamene kanali kakufinyikabe m'mbale. Magazi a mphaka wodekha sankasintha kanthu. Magazi a mphaka woopsezedwa ankaimitsa thumbolo. Akachotsa ma adrenal, ngakhale galu auwe bwanji, magaziwo sankaimitsanso thumbo. Lero kafukufuku wotere sangaloledwe wamba, ndipo n'zoyenera, koma ndi mphaka ameneyo anatiphunzitsa chifukwa chake munthu wa nkhawa samva njala. Buku la Cannon la 1915 ndi limene linafalitsa ganizo lakuti thupi limadzikonzekeretsa kumenya nkhondo kapena kuliyatsa liwiro.

Nanga ngati mnyamata wa panjinga alipo, wailesi ndi ya chiyani? Yankho lili pa makutu. Selo lililonse lomvera mankhwalawa lili ndi timakutu pakhungu pake. Mu 1948 Raymond Ahlquist wa ku Georgia ku America anasonyeza kuti timakututi tili m'mitundu iwiri, ndipo anatitcha alpha ndi beta. Alpha akamva, mitsempha ya magazi imafinyika, n'chifukwa chake munthu wa mantha amatuwa ndipo manja ake amazizira. Beta nayenso ali ndi magulu ake. Beta-1 ali pa mtima, amaufulumizitsa ndi kuupatsa mphamvu. Beta-2 ali m'njira za mpweya, m'chiwindi, ndi m'mitsempha ya magazi ya m'minofu, ndipo akamva amatsegula. Noradrenaline amamveka bwino kwa alpha ndi beta-1, koma kwa beta-2 mawu ake ndi otsika. Adrenaline amamveka kwa onse.

Chitsanzo chabwino ndi mapapo. Minofu yozungulira njira za mpweya mwa munthu ilibe mitsempha ya mantha yokwanira kuilamula, mnyamata wa panjinga safikako kwenikweni. Koma ili ndi timakutu ta beta-2 tambirimbiri. Amene amatsegula chifuwa cha munthu wothawa njati ndi adrenaline wa m'magazi. Ndiyenso amauza chiwindi kuti chitsegule nkhokwe ya shuga, amatumiza magazi ku ntchafu, ndipo amanjenjemeretsa zala. Chinanso, pansonga penipeni pa mtsempha wa mantha palinso timakutu ta beta-2. Adrenaline akafika pamenepo, mtsemphawo umalavula noradrenaline wochuluka kuposa poyamba. Ndiye kuti wailesi imalimbikitsanso mnyamata wa panjinga kuti apalase mwamphamvu. Iyi ndi njira yoyamba imene adrenal imabwezera mawu kwa mitsempha imene inaituma.

Anamwino, apa mpamene nkhaniyi imalowa m'thireyi yanu. Munthu walumidwa ndi njuchi kapena wabayidwa penicillin, nkhope yatupa, akupuma molira, BP yagwa. Mankhwala ake ndi adrenaline, 0.5 mg kwa wamkulu, kubaya m'mnofu wa kunja kwa ntchafu, nthawi yomweyo. Jakisoni mmodziyo amagwira makutu atatu: alpha amafinya mitsempha ya magazi yomwe yatayirira, beta-1 amadzutsa mtima, beta-2 amatsegula chifuwa. Ndimadandaula ndikaona wina akuthamangira hydrocortisone kapena piritoni poyamba, adrenaline ali m'kabati momwemo akuopedwa ngati mfiti. Ndipo poti adrenaline sakhalitsa m'magazi, theka lake limatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu, musachoke pambali pa wodwalayo. Pakatha mphindi zisanu osasintha, mubayeninso.

A matenda a shuga nawonso amamudziwa adrenaline ngakhale sanamvepo dzina lake. Shuga akatsika kwambiri, kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kumene kumawachenjeza kuti adye kanthu ndi ntchito yake. Tsono mukapatsa munthu wobaya insulin mankhwala otseka makutu a beta monga propranolol, amene James Black anapanga m'zaka za m'ma 1960, chenjezolo limazilala. Thukuta lokha ndilo limatsala, chifukwa mitsempha ya mantha yopita ku thukuta imayankhula ndi mankhwala ena, acetylcholine. Muuzeni wodwalayo ndi a pabanja pake kuti thukuta lobwera popanda chifukwa asalinyozere.

Zonse ndanenazi ndi za phata, ndipo ndi zimene zimatchuka. Anyamata a mpira amanena za adrenaline, palibe amene amanena za cortisol. Koma tamvani izi. Dokotala akachotsa ma adrenal onse awiri mwa munthu, munthuyo safunika kupatsidwa adrenaline ngakhale tsiku limodzi. Mitsempha ya mantha imakwanitsa yokha ntchito ya tsiku ndi tsiku. Koma mukapanda kumupatsa mankhwala olowa m'malo mwa cortisol ndi aldosterone, masiku ake ndi owerengeka. Charles-Édouard Brown-Séquard anaona mu 1856 kuti nyama zochotsedwa tiziwaloti zimafa msanga, ndipo patapita zaka zambiri zinadziwika kuti chopha ndi kusowa kwa khoko. Woimba ng'oma amaoneka pabwalo, koma amene anaiwamba pamoto kuti ilire sitimufunsa n'komwe. Pa gule wa mantha, wowamba ng'oma ndi cortisol.

Cortisol sayendera mitsempha. Ubongo umatuma kachiwalo ka pansi pake kotchedwa pituitary, iko n'kuthira m'magazi homoni ya ACTH, ndipo ACTH ndiye amadzutsa khoko la adrenal. Ulendowu ndi wapansi. Munthu akadzidzimuka, adrenaline amakhala atafika kale m'masekondi, pamene cortisol amafika pachimake patapita mphindi makumi awiri kapena atatu, ndipo amakhala kwa maola. Ngakhale popanda choopsa chilichonse, amakwera yekha m'bandakucha kukonzekeretsa thupi kudzuka, n'kumatsika mpaka pakati pa usiku.

Ntchito yake yoyamba pa nkhani yathuyi ndi yakuti popanda iye, phata silingapange adrenaline wokwanira. Ndinati adrenaline ndi noradrenaline amasiyana kachidutswa kamodzi. Mmisiri amene amamatirira kachidutswako ndi enzyme yotchedwa PNMT. Mu 1965 Richard Wurtman ndi Julius Axelrod, ku National Institutes of Health ku America, anachotsa pituitary mwa makoswe kuti mahomoni a khoko la adrenal a makoswewo agwe, ndipo anapeza kuti PNMT nayo yagwa. Atawabwezera mahomoniwo, inakweranso. Apa mpamene anthu anamvetsa chifukwa chimene mkamwini uja anakamangira nyumba m'kati mwa khoko. Maselo a phata amasambira m'cortisol wochuluka kuposa wa kwina kulikonse m'thupi, chifukwa opanga cortisol awazungulira mbali zonse. Ndi kusambira kumeneko kumene kumawasiyanitsa ndi abale awo a m'mbali mwa msana, amene amathera pa noradrenaline. Axelrod analandira mphotho ya Nobel mu 1970 pamodzi ndi von Euler ndi Bernard Katz.

Ntchito yachiwiri ndi imene ndikufuna mupite nayo kunyumba. Wailesi ya dziko ingalengeze usiku wonse, koma m'nyumba imene mabatire atha simumveka kanthu. Cortisol ndi amene amaika mabatire. Amachititsa kuti timakutu ta alpha tichuluke pa mitsempha ya magazi ndiponso kuti timve bwino. Iye payekha safinya kwambiri mtsempha wa magazi, koma akasowa, noradrenaline amafuula kwa ogontha. Timaziona mu wodi. Wodwala amene tizilombo tafalikira m'magazi mwake, BP ili pansi, wapatsidwa madiripi, waikidwa pa noradrenaline kapena adrenaline woyenda m'diripi, mukuwonjezera mlingo koma BP ikukana. Malangizo a masiku ano amati pamenepo muganizire hydrocortisone, 200 mg pa tsiku. Nthawi zambiri pakapita maola, mankhwala omwe aja amene ankaoneka ngati madzi amayamba kugwira.

Pa mphumu ndi chimodzimodzi. Kopopera ka salbutamol kamayankhula ndi beta-2, kutengera adrenaline. Munthu akamakapopera pafupipafupi, timakututo timatopa ndipo maselo amatibweza m'kati. Mankhwala a m'banja la cortisol, monga beclometasone wopopera kapena prednisolone wa mapiritsi, amachepetsa kutupa kwa njira za mpweya, komanso amabwezeretsa timakututo panja. Ambiri mwa odwala athu amakonda kabuluu ka salbutamol chifukwa kamamveka nthawi yomweyo, ndipo kabulawuni ka beclometasone amakasiya m'thumba poti akapopera samva kanthu. Kabulawuniko ndi kamene kamasunga makutu. N'chifukwa chakenso sizodabwitsa kuti mphumu imakonda kugwira usiku ndi m'bandakucha, pamene adrenaline ndi cortisol akhala ali otsika kwa maola angapo.

Ntchito yachitatu imaoneka ngati ikutsutsana ndi ziwirizo, koma ndi ya nzeru. Mosiyana ndi adrenaline, cortisol amalowa mu ubongo mosavuta. Akafikako amauza pituitary ndi mbali ya ubongo imene inayambitsa chipwirikiti kuti zamveka, tsitsani mawu. Amathandiza uthenga kumveka, kenako amaletsa otumawo kuti asapitirire muyeso.

Tsopano tione munthu amene khoko lake lafa. Thomas Addison wa ku Guy's Hospital ku London anafotokoza matendawa mu 1855: kufooka kosaneneka, kuwonda, kusanza, mtima wogunda mopanda mphamvu, ndi khungu lodera. Mwa odwala ake ambiri, chimene chinadya ma adrenal chinali chifuwa chachikulu. Ku Ulaya lero choyambitsa chachikulu ndi chitetezo cha thupi kuukira adrenal. Kuno kwathu ndi m'maiko oyandikana nafe tikadali m'nthawi ya Addison, TB ndiyo ikutsogolabe, ndipo HIV ikafooketsa thupi imatsegulira khomo TB ndi tizilombo tina tokonda adrenal. Mukayeza magazi a munthu wotere mumapeza adrenaline ali pansi, poti PNMT yasowa woidyetsa, pamene noradrenaline ali pamwamba. Mitsempha ikukuwa ndi mphamvu zake zonse koma palibe akumva. Munthuyo akaimirira amaona mdima, amalakalaka mchere, ndipo malungo wamba kapena kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi kungamugwetse.

Vuto ndi lakuti mabuku ambiri analembedwa ndi anthu oyera, ndipo amatsindika za khungu kuda. Pa khungu lathu kusinthako sikuoneka msanga. Yang'anani m'kamwa, pa nkhama ndi m'masaya, yang'anani mizere ya m'manja ndi zipsera zakale, ndipo funsani a pabanja ngati munthuyo wada kuposa kale. Kumbukiraninso kuti rifampicin, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya cortisol. Wodwala amene ma adrenal ake anali akungokwawa angathe kugwa patangopita milungu yochepa atayamba mankhwala, ife n'kumati TB yakula kapena sakumwa mankhwala. BP yotsika, sodium wotsika, potassium wokwera, shuga wotsika mwa wodwala TB: ganizirani pamwamba pa impso, ndipo musadikire zotsatira za ku labu musanapereke hydrocortisone.

Pali njira inanso yogonetsera khoko, ndipo imeneyi timaigula ndi ndalama zathu. Munthu akamamwa prednisolone kapena dexamethasone kwa milungu yoposa itatu kapena inayi, ubongo umaona kuti cortisol ndi wokwanira, pituitary imasiya kutuma ACTH, ndipo khoko limafota ngati mwendo wokhala m'chikhakha. Akasiya mwadzidzidzi, palibe woika mabatire. Ena amamwa mapiritsiwa chifukwa cha nyamakazi, ena kuti anenepe, ogula pa golosale popanda wowauza kasiyidwe kake. Amayi, ndikhululukireni, koma ndinena ndithu: mafuta ambiri oyeretsa khungu a pamsika ali ndi clobetasol kapena betamethasone, omwe ndi abale a cortisol amphamvu kwambiri. Odzola thupi lonse kwa miyezi ndi zaka, mankhwalawo amalowa m'magazi. Nkhope imazungulira, mimba imachita mizere, BP ndi shuga zimakwera, ndipo khoko la adrenal limagona tulo. Tsiku la opaleshoni kapena la kubereka, thupi likafuna cortisol wake, nkhokwe ili mbee. Abambo musaseke, ndaonapo zala za amuna zoyera pakati n'kuda m'mfundo. Anamwino, funsani za zodzola monga mumafunsira za mankhwala akumwa, ndipo funsani mwaulemu, pambali, kuti akuuzeni zoona. Wodzola asasiye lero lomwe, abwere timuthandize kusiya pang'onopang'ono.

Za kuchuluka kwa mahomoniwa ndidutsa mwachangu. Pali chotupa cha m'phata chotchedwa phaeochromocytoma, chimene chimathira adrenaline ndi noradrenaline popanda wochituma. Mwini wake amagwidwa mwa apo ndi apo ndi mutu waukulu, thukuta, mtima kuthamanga ndi mantha opanda chowopa, BP ili kumwamba. N'chosowa, koma wachinyamata wa BP yokana mankhwala muzimuganizira, asanapite kwa asing'anga kukamva kuti wina kwawo akumutsata. Pochiza timayamba kutseka alpha kenako beta. Mukayamba ndi beta mwatseka njira yokha yotsegula mitsempha ya magazi, mwasiya yofinya, ndipo BP imakwera koposa. Aldosterone naye ali pa ubale umenewu. Mitsempha ya mantha imauza impso kutulutsa renin, renin amabala angiotensin, angiotensin amadzutsa aldosterone kuti asunge mchere ndi madzi, ndipo angiotensin yemweyo amabwerera kukakoleza mitsempha ija. Jerome Conn anafotokoza mu 1955 za BP yobwera chifukwa cha aldosterone wochuluka, ndipo lero tikudziwa kuti siyosowa monga ankaganizira kale.

Ndikudziwa kuti wina afunsa ngati maganizo amakweza BP. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti kuno ku Malawi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Maganizo ali ndi gawo lake. Dongosolo limene ndafotokozali linapangidwira choopsa chobwera n'kupita, ndipo ngongole ya katapila sichoka ngati mphiri. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Komabe sindigwirizana ndi chizolowezi chathu choti aliyense wa BP azinena kuti ndi maganizo basi, n'kusiya mankhwala mavuto akachepa. Mchere, kunenepa, mowa, impso ndi mtundu wa kubanja zili pomwepo. Ndipo amene akukugulitsani mabotolo a mankhwala akuti adrenal yanu yatopa ndi ntchito, sungani ndalama zanu. Adrenal imadwala matenda oyezeka ndi magazi, ndipo kutopa kumene akunenako madokotala a mahomoni sakuvomereza kuti ndi matenda.

Koma kuti mantha ndi chisoni zingavulaze mtima pa tsiku limodzi, zimenezo n'zoona. Cannon yemwe uja analemba mu 1942 za anthu a m'maiko osiyanasiyana amene ankafa atakhulupirira kuti alodzedwa, ndipo iye anaganiza kuti chowapha chinali mitsempha ya mantha ndi adrenal zogwira ntchito kosalekeza. Umboni wake unali wa nkhani zongomva, ndipo anthu ambiri anaukayikira. Kenako mu 1990 madokotala a ku Japan anafotokoza matenda amene anawatcha takotsubo. Kawirikawiri amagwira mayi amene anasiya kusamba, atangomva uthenga wa imfa kapena atadzidzimuka kwambiri. Amamva kupweteka pachifuwa ngati mtsempha wa magazi wa mtima watsekeka, koma akaunika amapeza mitsemphayo ili yotseguka. Chimene chachitika n'chakuti adrenaline ndi noradrenaline asefukira mpaka nsonga ya mtima yachita dzanzi. Nsongayo imafufuma, kumtunda kokha n'kumafinyika, mtima n'kuoneka ngati mphika wa khosi laling'ono umene asodzi a kumeneko amakolera nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu. Dzinalo ndi la mphikawo. Ambiri amachira pakapita milungu ingapo, koma masiku oyambirira ndi oopsa ndipo ena amafa.

Choncho pa maliro, mayi wachikulire akagwira pachifuwa n'kunena kuti mtima ukundiwawa, akupuma mobanika, thukuta lili kamukamu, musangomuthira madzi n'kumuuza kuti alimbe mtima. Pezani galimoto, ngakhale yomwe inabweretsa bokosi, apite kuchipatala akamuyeze BP ndi ECG.

Ndaona a wapampando akuyang'ana wotchi kachitatu. Manja anga auma tsopano, ndiye mafunso abwere, tiyambire kumbuyoko.